Kaseti ya ku Kairo

Chiringa,
Phalombe.
5 Disembala, 2000.

Okondedwa achimwene a Faiz,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Kairoko ndipo mwezi wosala wakupezani ndi mphamvu. Kuno tadzuka ndithu. Mvula yayamba bwino, chimanga chamera, nandolo tabzala m'mizere momwe ankakondera malemu amayi, ndipo mwana wanga Marwa wayamba kuyenda mogwira zipupa. Ndayamba ndi zabwinozi chifukwa mlendo safunsidwa nkhani asanamwe madzi. Madziwo mwamwa, tsopano khalani pansi mumve zimene kaseti yanu yatichita.

Ndakwiya, achimwene. Ndakhala ndikudikira kuti mtima uyambe watsika ndisanagwire cholembera, koma ukukana, ndiye mungolandira kalatayi momwe ilirimu.

Kaseti ija inafika mwezi watha. Inu mukudziwa kuti kuno mawu a munthu amene ali kutali samveredwa m'chipinda ngati kuti ndi nyama yakuba. Bambo anasesa khonde okha, anasuntha makina awo osokera, anagula mabatire atsopano, n'kutumiza uthenga mudzi wonse kuti mwana walankhula kuchokera ku Igupto. Anabwera amalume a Wyson, amayi aang'ono a Eveles ndi mwana wawo Belita, a Alesi ophika kachasu aja, akamwini ndi ana omwe. Mwina mwaiwala, poti mwakhalitsa pakati pa anthu oswali okhaokha, kuti abale a amayi onse ndi Akhristu, ndipo m'mudzi muno Asilamu ndife a khomo limodzi. Bambo anangokwatiramo kuchokera ku Namwera. Ndikukumbutsani zimenezi chifukwa zikuoneka kuti pojambula mawu anu simunaganize za makutu amene akawamve.

Mbali yoyamba inali yokoma. Munalira amayi mpaka tonse tinagwetsa misozi. Munatchula aliyense dzina, ndipo a Eveles atamva lawo anaimba nthungululu. Bambo anakhala chowongoka, akuyang'ana anthu mmodzimmodzi kuti aone ngati akumva mwana wawo. Itatha mbali imeneyo ndinatembenuza kaseti ndine. Ndikanadziwa ndikanangoti mabatire atha.

Kapena simukumbukira zimene munanena, ndiye ndikulembereni, poti ine zandikhala m'mutu ngati nyimbo ya maliro. Munati: “Kuno anthu akwiya ndi zimene zikuchitika ku Palesitina. Ana akufa, nyumba zikugwetsedwa. Atsogoleri a mayiko a kuno amagwirana chanza ndi Israeli chifukwa safunsa anthu awo. Koma demokalase ngati yanuyo ikadzafika, anthu n'kuloledwa kuvota, Mluya aliyense adzakweza dzanja kuti dziko la Ayuda lisakhaleponso. Ambiri akanena kuti mlendo achoke, mlendo amachoka. Demokalase ndi imeneyo.”

Oyamba kulankhula anali a Eveles.

“Israeli wake uti akunenayu? Wathu yemwe uja wa m'Baibulo?”

“Ndi nkhani za kutali izi, mayi,” anatero bambo. “Mwana akungocheza.”

“Kucheza kotani kofafaniza Yerusalemu? Ndiye tikafa tizikafikira kuti? Mwana wa mkulu wanga weniweni, ndinamubereka kumbuyo ineyo.”

Ndinayesa kufotokoza kuti Yerusalemu amene amaimba kutchalitchi ndi wina, ndipo dziko la asilikali ndi ndege limene mukunena inu ndi lina, koma ndani akanandimvera? Wina kumbuyo anakumbutsa anzake mphekesera za nthawi ya chisankho zija, zoti Asilamu adzagulitsa dziko kwa Aluya. Anthu anayamba kutola ana awo n'kumanyamuka osatsanzika. Amalume a Wyson okha ndi amene sanatekeseke ndi za Israeli. Iwo anasendera pafupi ndi wailesi.

“Hajira, tabweza pang'ono pomalizira paja, ndimve bwino.”

Ndinabweza. Anamvera, maso atatsinzina, akugwedeza mutu.

“Mwanayu sukulu ikumupindulira,” anatero, n'kuvala chipewa chawo.

Apa ndiyenera kukuuzani zina zimene sitinakulembereni kale poopa kukusokonezani pa maphunziro. Amayi atamwalira, sadaka ya masiku makumi anayi itadutsa, ankhoswe anakhala pansi pa nkhani yosudzula bambo, monga mwambo unenera kuti mkazi akafa mkamwini amamasulidwa azibwerera kwawo. Koma anagwirizana kuti bambo akhale. Anati munthu amene anafika muno ife tisanabadwe, imvi n'kumumerera pakati pathu, ali ndi mwana wamkazi woti amuphikire, sathamangitsidwa ngati mnyamata amene wakwatira dzana. Amalume anavomera ndi pakamwa pokha. Chinkawadya ndi chakuti Belita banja lake latha ku Bangwe, wabwera ndi ana atatu, ndipo akugona m'khitchini mwa amayi ake. Zoti Belita akuvutika sindikutsutsa, malo kuno mukuwadziwa kuchepa kwake. Ine ndinati atenge theka la dimba lathu, ndipo bambo a Marwa anadzipereka kumuumbira njerwa. Koma amalume maso awo anali pa nyumba ya malata ija, imene bambo anamanga ndi singano.

Chiyambire pamene anakhala monitala wa chipani pa chisankho, amalume athu chilichonse ndi komiti. Mjigo komiti, maliro komiti, kugawa nyama ya mbuzi pa Khirisimasi nakonso kukweza manja. Chimene ankasowa ndi poyambira, ndipo munawapatsa ndinu.

Lamulungu lotsatira, anthu atatuluka m'tchalitchi, anaitanitsa mbumba yonse pansi pa mtengo wa mango uja wa kuseri kwa nkhokwe. Anaika tebulo ndi mpando umodzi, wa iwo eni. Akamwini onse, bambo a Marwa omwe, anauzidwa kuti akhale pambali, ati iwo ndi oonerera chabe. Bambo anabwera atavala mkanjo wawo woyera, n'kukhala pa kampando kawo kosokera pakati pa bwalo.

“Zakale zija zoti ankhoswe awiri azinong'onezana nkhani n'kutha, zinapita ndi chipani chimodzi,” anayamba motero amalume. “Lero tili pa ufulu. Mbumba inene yokha. A Ismaili akhale, kapena azipita kwawo?”

Ndinaimirira. “Amalume, nkhani iyi inatha kale. Bambo anga si mbuzi yoti tiziivotera.”

“Mwana wanga, usalimbane ndi ine. Ukalimbane ndi mlongo wako wa ku Igupto. Si iye anati ambiri akanena, mlendo amachoka? Tonse tinamva ndi makutu athu. Ife osaphunzirafe tikungotsatira. Ndipo nyumba imene ikutulutsa ana ofuna kufafaniza Israeli, mbumba ili ndi ufulu woifunsa mafunso.”

“Mlendo wake uti? Denga la tchalitchi chanu litasasuka ndi mphepo, amene anakwera pamwamba ndi misomali pakamwa anali mlendo?”

“Mlendo ndi mame, mwana wanga, ngakhale atakhalitsa bwanji.”

Nditaona kuti sabwerera m'mbuyo, ndinapempha kuti ngati ndi voti ikhale yachinsinsi, monga timachitira kusukulu kuja pa chisankho. Ndinati tiike miphika iwiri kuseri kwa nyumba, aliyense apite yekha akaponye njere ya nandolo mu mphika umene mtima wake wafuna. Amalume anaseka.

“Wobisa dzanja ndi mfiti. Pano tonse ndi pachibale, tibisirana chiyani? Amene akuti a Ismaili azipita, manja m'mwamba.”

Achimwene, ndikanakonda mukanakhalapo kuti muone demokalase yanuyo ikuyenda ndi miyendo. Manja sanakwere pamodzi ayi. Aliyense ankayamba wayang'ana mnzake, kenaka amalume, kenaka pansi, dzanja n'kumakwera pang'onopang'ono ngati la mwana amene sakudziwa yankho. A Eveles anakweza lawo atavala bulauzi yoyera ya gulu la amayi a kutchalitchi, imene anawasokera ndi bambo omwewo. Atsikana amene bambo ankawakonzera mayunifolomu akang'ambika anakweza. Sindinawerenge, panalibe chowerengera. Amene sanakweze tinali awiri, ine ndi a Alesi. Inde, a Alesi omwe aja, amene bambo akhala akuwadzudzula zaka zonsezi chifukwa cha kachasu wawo.

“Alesi, dzanja lako lili kuti?” anafunsa amalume.

“Lili ndi ntchito, ndikukanda mwendo.”

“Tikunena zenizeni pano.”

“Inenso ndikunena zenizeni, Wyson. Napolo atatsika m'phiri chaka chija, ndani anasoka nsalu zokulungira anthu athu mpaka zala kutupa? Mwana wako yemwe anapita ndi nsalu ya ndani? Nthawi imeneyo sunakweze dzanja bwanji?”

“Waledzera uyu, musiyeni.”

“Ndaledzera, eya, koma maso akuona.”

Ena anaseka, koma manja sanatsike. Amalume analengeza kuti mbumba yalankhula. Bambo anadzuka, anakutumula fumbi kumkanjo, n'kulankhula motsitsa mawu moti ena anachita kusendera.

“Ndamva, eni mudzi. Sinditsutsa. Ndipempha chimodzi chokha, mundilole ndisale mwezi wa Ramazani kuno, Idi indipeze pafupi ndi manda a mkazi wanga. Ikadutsa ndinyamuka.”

Ndipo achimwene, zimenezonso anavotera. Munthu wamkulu kupempha kuti atsanzike manda a mkazi wake, anthu n'kukwezanso manja kuti aone ngati n'kololeka. Inadutsa, amalume n'kunena kuti taonani ubwino wa demokalase, imamveranso chisoni. Pamenepo ndinachoka osatsanzika, chifukwa zimene zinali pakamwa panga sizoyenera kuuza malume.

Tsopano imvani zimene zinatsatira. M'mawa mwake ndili pamjigo, anandipeza mayi wina mwa okweza manja aja, n'kundinong'oneza kuti ndisamuone ngati woipa, iye ali ndi mlandu wa malire a munda umene amalume ndiwo akuugwira. Tsiku lina a Eveles anabwera chozemba ndi mbale ya nyemba za kalongonda, maso ali ofiira.

“Dzanjali linangokwera lokha, mwana wanga. Wyson amandiyang'ana. Komanso za Yerusalemu zija zinandipweteka.”

“Nanga bambo anga anaukhudzapo Yerusalemu, mayi?”

Anangosiya mbale n'kumapita. Belita yemwe, amene akulowa m'nyumbamo, anandiimitsa panjira n'kunena kuti iye theka la dimba likanamukwanira. Ndikawerenga onse amene abwera kudzapepesa kuseri, ndikuona kuti ikanakhala ya nandolo mu mphika bambo sakanachoka. Koma pamaso pa amalume palibe amene angabwereze mawu amenewo. Bambo a Marwa chichokereni pabwalo paja sakudya bwino. Akuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo akandiyang'ana ndimaona kuti akuwerengera za tsiku limene ine ndidzatsogole.

Ndiye ndikufunseni, inu ophunzira. Munati Mluya aliyense. Munawafunsa liti onsewo? Amene mumawamva ndi anzanu a m'chipinda chogona ndi amene amafuula mumsewu, ndipo mumsewu munthu amafuula akuyang'ana mnzake wapambali, monga ndinaonera pansi pa mango. Mayi amene amakugulitsani buledi uja munamutchula, amene mwana wake ndi msinkhu wopita kunkhondo, munayamba mwamufunsa ali yekha? Sindikudziwa chimene angayankhe. Mwina anganene zomwe munanena inuzo, poti naye ali ndi maliro ake amene ine sindikuwadziwa. Koma musandiuze za mtima wa anthu miyandamiyanda pamene ine mtima wa amayi aang'ono anga enieni ndinaudziwira pa mbale ya kalongonda.

Ndipo tiyerekeze kuti mukunena zoona, onse adzakwezadi manja. Ndiye kuti chiyani? Musaganize kuti za Apalesitina sizindikhudza. Bambo a Marwa amatsegula wailesi, timamva, ndipo ndimalira. Ine ndinaona anthu a ku Mozambiki akufika pa Chiringa pano ndi mitolo pamutu, ana ali ndi zilonda kumapazi, inu muli wamng'ono. Ndikudziwa nkhope ya munthu amene wachotsedwa pakhomo pake, ndipo tsopano ndikuiona tsiku ndi tsiku pakhonde pathu. Amene akugwetsa nyumba ya mayi wa Chipalesitina akayankha kwa Mulungu, ndipo amene analandidwa minda ayenera kumvedwa mlandu wawo. Koma mwana wa Chiyuda amene anabadwira pamenepo, amene sadziwa chitsime china, mukamuuza kuti azipita kwawo mukunena kuti? Nanga Ayudawo atasonkhana okhaokha n'kukweza manja kuti Apalesitina onse achoke, mudzajambula kaseti yoti demokalase ndi imeneyo? Ndaona kuti amene amaitanitsa voti yotere amayamba waonetsetsa kuti eni nkhani akhala pambali ngati oonerera.

Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, za mayiko sindizidziwa. Koma mu 1994 ndinaima pamzere dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndinkadziwa chimene ndikuvotera. Ndinkasankha munthu woti akonze msewu wa ku Migowi ndi kubweretsa mankhwala kuchipatala, ndipo akalephera tidzamuchotse. Palibe anandiuza kuti chala chomwecho ndingachotsere nacho munthu pamphasa pake. Mawu amene munawalankhula mutakhuta tiyi wa ku Kairo afika kuno ali ndi mano. Akulu ananena kuti nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, ine ndinkayesa ndi mwambi chabe.

Musaganize kuti ndinangokhala manja lende. Ndinapita kwa a Shehe, iwo anati bambo akhoza kumagona m'kachipinda ka kuseri kwa mzikiti, ngati kuti vuto ndi pogona. Ndinapita kwa mkulu wa mpingo wa amalume, iye anati ndi nkhani ya pabanja, mpingo sulowerera. Ndinafuna kukasuma kuboma, poti nyumbayo ili pa malo a amayi ndipo mwana wamkazi wa amayi ndine. Amene anandiletsa ndi bambo.

“Ukapambana, ndiye ndizikhala bwanji?” anandifunsa. “Ndizipatsana moni m'mawa ndi anthu amene ndinawaona manja ali m'mwamba? Iwe uli ndi mwana, mudzi uno ndi wako. Usadane ndi abale ako chifukwa cha ine.”

Ndinati abwere azikhala m'nyumba mwanga, amalume anene zimene anganene. Anakananso, ati mkamwini sasunga mkamwini mnzake, angamuike mwamuna wanga m'mavuto. Ndakangana nawo mpaka mawu kundithera. Inu mukuwadziwa bambo akanena kuti ayi.

Masiku ano akumalizitsa zovala zimene anthu anasiya za Khirisimasi, ati sangachoke ndi nsalu za eni. Pa mulu umenewo pali madiresi a ana a Belita. Ndinawauza kuti awabweze osasoka, iwo anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kupitiriza kupalasa makina. Akusala bwinobwino ngakhale thupi latsika. Madzulo tikamamasula kusala amadya pang'ono, kenaka amapita kumanda kukazula udzu umene mvula yameretsa. Za inu salola kuti munthu anene choipa. Nditayamba kukudandaulani dzana anandidula, ati mwana sanalakwe, ankanena za kwa eni, ndipo anthu akafuna kukuchotsa sasowa chogwira. Mwina akunena zoona. Koma ine si bambo, ndipo sindinakukhululukireni.

Zopempha zanga ndi izi. Sukulu musasiye, musathamangire kuno, palibe chimene mudzapeze choti mukonze, ndipo bambo zingawapweteke kuposa voti ija. Mukadzafuna kutumizanso kaseti, muyambe mwaimvera nokha mukuyerekeza kuti mwakhala pakhonde pathu pakati pa a Eveles ndi amalume. Ndipo anzanu aja akadzayambanso zowerenga manja, muwafotokozere za telala wa ku Chiringa, muone ngati angakuuzeni kumene ayenera kupita. Mankhwala a maso amene munalonjeza aja tumizani ndithu, akufunikabe.

Landirani moni kuchokera kwa bambo a Marwa. Marwa sakukudziwani, koma ndimamuonetsa chithunzi chanu. A Alesi akuti mukadzabwera mudzawabweretsere mpango wa ku Igupto, ati anaugwirira ntchito. A Eveles akupereka moni, akuti amakupemphererani kuti mtima wanu ufewe pa za Yerusalemu. Amalume a Wyson nawonso andiuza kawiri konse kuti ndisaiwale moni wawo. Akuti ndinu mwana wanzeru, munawatsegula maso.

Bambo akudziwa kuti ndikukulemberani, koma sakudziwa zimene ndalemba. Anati ndikuuzeni kuti ali bwino, ntchito ikuyenda, muzilimbikira maphunziro ndipo muzivala zofunda poti amva kuti kumeneko ino ndi nyengo yozizira. Anatinso ndikuuzeni kuti Idi ikadutsa apita kukaona abale ku Namwera. Wogulitsa usipa wina wochokera kumeneko anandiuza kuti pamene panali mudzi wawo pali esiteti ya fodya yozunguliridwa ndi waya, ndipo abale awo anabalalika kalekale. Bambo anamva zimenezi ine ndisanamve, koma akuganiza kuti sindikudziwa, ndiye tonse awiri timangokamba za ulendo wokaona abale.

Pamene kalatayi izikupezani, Idi idzakhala itadutsa. Mukamayankha, yanga mulembe keyala yomweyi. Ya bambo musatumize kuno, ndipo keyala ina yoti ndikupatseni ndilibe.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Hajira.